Sipanala ya Makona Asanu

Abale ndi alongo a kuno ku Gaza, m'tauni ya Chipinge, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndachokera ku Honde, kufupi ndi Ruda. Ndaona ena mukuyang'anitsitsa chitsulo ndanyamulachi chilowereni m'tchalitchi muno. Musaope, sindinabwere kudzamenya munthu. Ndichifotokoza nthawi yake ikakwana.

Dzina langa ndine Fakisoni Mbewe, koma kwa zaka zambiri ndinkakwiya munthu akanditchula choncho. Ndinkafuna kumva lakuti a Injiniya. Ngakhale akazi anga, mayi a Tendai, amene akhala apo avala duku loyerawo, ndinkawalamula kuti pakakhala alendo azinditchula a Injiniya.

Bambo anga anachokera ku Mulanje wapansi, nadzathyola tiyi ku Honde mpaka msana unapindika. Ine ndinabadwira m'komboni ya esiteti. Ndinali ndi mutu wa zitsulo. Esiteti inanditumiza ku Mutare kukaphunzira, ndipo nditabwerako ndinakwera mpaka makina onse a m'fakitale anali m'manja mwanga.

Ndisaname pamaso pa Mulungu, ntchito ndinkaidziwa. Ndinkatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa makina, chogwirira pakhutu, n'kumvetsera. Ndikati bering'i iyi, kachitsulo kofewetsa kuzungulira kwa makina, yatsala ndi milungu iwiri, inkafadi pa milungu iwiri. Mphatso imeneyo anandipatsa ndi Mulungu, koma ine ndinkayesa ndinadzipatsa ndekha.

Ndinkavala dasitikoti yoyera mbee, mapeni atatu m'thumba la pachifuwa, ngakhale kuti kulemba ndinkadana nako. Anthu othyola tiyi sindinkawawerengera. Mayi a Tendai omwewa anali othyola tiyi, ndipo akati anene maganizo awo pa nkhani iliyonse, yankho langa linali limodzi: "Mayi, izi si za masamba."

Chaka china kampani inabweretsa injiniya wa digiri wochokera ku Harare, n'kumuika pamwamba panga. Munthuyo sanandilakwire. Anangopempha zinthu ziwiri: kuti ndizilemba m'buku zonse zimene ndachita pa makina, komanso kuti ndiphunzitse anthu awiri ntchito yanga. Ine ndinamva ngati wanditukwanira makolo. Ndinamuuza kuti buku ndi mutu wangawu, ndipo mutu wangawu subwerekedwa.

Ndinaganiza zosiya ntchito, koma ndinafuna kusiya mwakuti adzandilire.

Inu a ku Chipinge tiyi mumamudziwa. Masamba akathyoledwa, akafota, akagayidwa, amayenera kuwumitsidwa msanga m'makina aja timati dilaya. Dilaya ikaima, tiyi yense amaola, ndipo kuthyola kumaima. Fakitale yathu inali ndi madilaya awiri. Yaikulu inkagwira chaka chonse, yachiwiri inkathandiza nthawi ya mvula masamba akachuluka.

Mlungu wanga womaliza ndinaphwasula fani ya dilaya yachiwiriyo. Fani imagwidwa pa shafiti, chitsulo chachitali chimene chimaizunguza, ndi nati imodzi yaikulu, yokhala mkati mwa dzenje momwe chida wamba sichifika. Nati imeneyo ndinaitaya. Ndinasema yanga, ndipo shafitiyo ndinaidulanso mazinga atsopano.

Nati zonse za pa dziko lapansi zili ndi makona asanu ndi limodzi. Yanga ndinaipatsa makona asanu. Nati zonse zimamanga ukapotoza chakumanja, n'kumasuka ukapotoza chakumanzere. Yanga ndinaitembenuza: ukamayesa kumasula monga mwa nthawi zonse, ndiye kuti ukuimanga. Kenako ndinasula sipanala imodzi yokha yolowa pa nati imeneyo, n'kupita nayo kunyumba. Ndi iyi ndanyamulayi.

Makona asanu, mazinga a kumanzere. Musunge mawu amenewo abale, chifukwa mwini wakene sindinawasunge.

Ndinasiya ntchito Lachisanu. Ndinauza mayi a Tendai kuti pofika Lachisanu linalo galimoto ya kampani iima pakhomo, mabwana atagwira zipewa m'manja. Nthawi yomweyo kampani inatitulutsa m'nyumba ya akuluakulu, ya madzi otentha m'bafa, ndipo tinabwerera ku komboni. Nyumba ya zipinda ziwiri imene tinalowa inali m'dzina la mayi a Tendai, popeza iwo anali akadali pa ntchito. Ndinati n'zamasiku ochepa, katundu wina musamasule.

Ndinakhala pakhonde nditavala dasitikoti, maso ali kumsewu. Lachisanu linadutsa. Mwezi unadutsa. Utsi unkangotuluka pa fakitale ngati palibe amene wachokapo.

Vuto linali ili. Ndisanamange nati ija ndinaikamo bering'i yatsopano, ndipo ndinaiika bwino kwambiri. Kunyada kunandiuza kuti nditchere msampha, kunyada komweko n'kundiletsa kugwira ntchito yosalongosoka. Fani ija inazungulira zaka khumi ndi chimodzi popanda wina kufuna kuimasula.

Kudikira kumadzetsa ludzu. Kuseri kwa nthochi, kumunsi kwa komboni, kunali Mai Rudo, amene ankatcheza kachasu. Ndinayamba kupitako kuti nthawi ifulumire. Bokosi langa la zida linayamba kupepuka. Lero sipanala ya nambala teni, mawa tupa, mkuja nyundo. Zida zimene zinandiphunzitsira ana zinatsikira kukhosi chimodzichimodzi.

Chomaliza kupita chinali chitsulo ndanyamulachi. Mai Rudo anachitembenuza uku ndi uku, nafunsa kuti, "Nhai baba, ichi chimamasula chiyani?" Ndinati chimamasula nati imodzi yokha pa dziko lonse. Anati, "Saka hachina basa," ndiko kuti n'chopanda ntchito. Anandithirira theka la kapu mwachisoni chabe.

Nthawi yonseyi mayi a Tendai ankadzuka mbandakucha, dengu kumsana, mvula ya ku Honde ili pamutu. Ankathyola tiyi tsiku lonse, akabwera aphike, Loweruka achape dasitikoti ya munthu wosagwira ntchito. Ine ndikabwera kwa Mai Rudo ndinkaima pakati pa nyumba n'kumakuwa kuti, "Makona asanu, mazinga a kumanzere, adzandigwadira!" Zaka zoyamba ndinkatero tsiku ndi tsiku. Kenako kachasu anafufuta zambiri m'mutu mwanga, n'kungondisiyira mkwiyo. Ndikakumbukira zimene mayiwa anapirira, manyazi amandigwira mpaka lero.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinkadana nacho kuposa injiniya wa digiri uja. Linali belu la tchalitchi. Tchalitchi chathu chili pamwamba pa komboni, ndipo belu lake ndi limu yakale ya thirakitala, yopachikidwa pa mtengo wa mapeyala. Woliza wake anali Sekuru Zuze, mkulu wa mpingo amene anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Lamulungu lililonse m'mawa, mutu wanga uli ndi matsire, ankaliza limu ija ngati akundikhomera msomali m'khutu.

Tsiku lina ndinatuluka ndi dasitikoti yokha n'kukuwa kuti asiye phokosolo. Sekuru Zuze anayankha ali pamtunda pomwepo: "Kalma, patrau. Fatsani, bwana. Belu ili likuitana inuyo." Ndinawatukwana, n'kukagonanso.

Kenako chinafika chaka chathachi, cha 2008. Sindikuuzani zachilendo, munali momwemo. M'masitolo munatsala mashelefu okha. Malipiro ukawalandira m'mawa, pofika madzulo asanduka mapepala. Ku esiteti anthu ankapirira chifukwa cha kathumba ka ufa ndi kabotolo ka mafuta ophikira kamene kampani inkagawa, ndiponso chifukwa cha nyumba. Amisiri onse odziwa ntchito anathawa, ena ku Joni, ena ku Botswana, ena ku Chimoio. Wa digiri uja nayenso anapita.

Dilaya yaikulu inafa, zida zake zosapezeka. Inatsala yachiwiri ija, ikugwira yokha usana ndi usiku. Pakati pa mvula, masamba ataphuka ngati akuchita mwano, bering'i yanga inalira, n'kuuma gwa. Linali Lachinayi.

Anthu otsala m'fakitale anayesa kuchotsa fani. Sipanala iliyonse inakana kulowa. Anayesa tchizulo ndi nyundo, osadziwa kuti akuimangitsa. Gasi wodulira zitsulo kunalibe, ndipo akanaononga shafiti, ina kunalibenso. Eni kampani anatumiza uthenga: ngati utsi sutuluka pofika Lolemba masana, fakitale itsekedwa, antchito achotsedwa, ndipo nyumba za kampani atulukemo.

Abale, inu a mtundu wanga mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Anzathu Achimanyika ali ndi kwawo, akhoza kunyamula mabulangete n'kupita ku Samanga kukalima nthochi. Nanga ife? Ku Mulanje sindidziwako ngakhale mtengo umodzi. Bambo ndi mayi anga agona m'manda a esiteti. Zipinda ziwiri zija ndiye anali mudzi wathu wonse. Mayi a Tendai anasiya kudya Lachisanu lonse.

Loweruka m'mawa a manijala a fakitale anabwera pakhomo. Zaka khumi ndi chimodzi ndinadikira galimoto, koma iwo anabwera wapansi, atavala magambutsu, chifukwa dizilo kunalibe. Anandipeza nditagona pa saka pansi pa nthochi, dasitikoti itasanduka mtundu wa tiyi wamkaka.

"Mamuka sei, VaMbewe," anandipatsa moni wa m'mawa. "Kuli nati ina kufakitale. Antchito akale akuti womaliza kuigwira ndinu."

Munthu wanzeru akanachita manyazi. Ine ndinakondwa. Ndinadzuka, n'kuitana mayi a Tendai mokweza kuti anthu oyandikana nawo amve: "Ndinati bwanji? Abwera! Sitani dasitikoti!" Ndinawauza a manijala kuti apite, ndiwapeza ndi zida zanga.

Ndinathamangira ku bokosi la zida. Nditatsegula ndinapeza nkhuku itafungatira mazira asanu ndi awiri. Inandijompha chala.

Ndinakhala pansi. Apo m'pamene ndinakumbukira theka la kapu lija. Ndinati ndithamangire kwa Mai Rudo, koma mayi a Tendai anandikumbutsa kuti Mai Rudo anasiya kutcheza kachasu kalekale, anabatizidwa, ndipo ndakhala ndikumwera kwina zaka zonsezi. Wogulitsa anatembenuka mtima, wogula ndinatsala.

"Nanga sipanala yanga anapita nayo kuti?"

"Ndi imene mumaitukwana Lamulungu lililonse," anatero mayi a Tendai, osandiyang'ana n'komwe.

Ine, katswiri wozindikira matenda a chitsulo ndi khutu, ndinamva sipanala yanga ikulira zaka zisanu ndi zitatu osaizindikira. Mai Rudo anakaipereka ku tchalitchi tsiku la ubatizo wawo, chifukwa mwala umene Sekuru Zuze ankamenyera belu unali utasweka.

Ndinakwera mtunda kupita kwa Sekuru Zuze. Ndinawapatsa moni waulemu kwambiri, woyamba chibadwire. Ndinapempha chitsulocho kwa tsiku limodzi.

"Nada," anatero. "Chitsulo ichi n'cha Mulungu tsopano. Ine ndine wosunga chabe. Mukapemphe kwa mpingo mawa. Ndipo mukatiuzenso chifukwa chake chili ndi makona asanu, pakuti ine ndakhala ndikuwerenga makonawa zaka zonsezi, limodzi silikwana."

Ndisabise, ndinaganiza zokachiba. Koma aliyense m'komboni ankadziwa kuti Sekuru Zuze amagona nacho pansi pa mphasa.

Lamulungu m'mawa belu linalira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinalitsata. Ndinali ndisanalowe m'tchalitchi chibatizireni Tendai, mwana amene tsopano ali ndi ana ake. Anthu atandiona anasiya kuimba pakati pa vesi. Theka la mpingo anali othyola tiyi, anthu omwe aja ndinkati ndi a masamba.

Abusa atandipatsa mpata ndinaimirira. Ndinayamba ndi Chingerezi. Ndinati natiyo inapangidwa mwaukadaulo wapamwamba, pofuna chitetezo cha makina. Ndinalankhula nthawi yaitali osanena kanthu. Mayi wina wachikulire, wothyola tiyi, anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Nhai baba, tiuzeni m'Chinyanja. Munapanga dala?"

Ndinayang'ana mayi a Tendai, iwo akuyang'ana pansi. Ndinati, "Ndinapanga dala. Ndinkafuna kuti adzandigwadire."

Mayi uja sanakuwe. Anangoti, "Ndiye kuti nyumba zathu zonse zili pa nati yanu." Mawu amenewo anandipweteka kuposa chibakera. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti ndikulanga mabwana. Sindinaganizepo kuti msampha wanga udzakola anthu amene ndinakula nawo, ndi mkazi amene ankandidyetsa. Choipa chitsata mwini, koma changa chinadzera kwa anansi onse.

Abusa anati ngakhale pa tsiku lopumula chiweto chikagwera m'dzenje timachivuula, ndiye chitsulocho chiperekedwe. Sekuru Zuze anavomera, koma anati katundu wa tchalitchi sayenda yekha, iwo apita naye. Amayi anati nawonso akufuna akaone nati yodya nyumba za anthuyo. Mapeto ake mpingo wonse unatsika mtunda ukuimba, Sekuru Zuze patsogolo atanyamula sipanala, ine pambuyo pawo ngati mbuzi yopita kumsika. A manijala atationa pageti anafuna kuthawa, ankayesa ndi sitiraka.

Mwina mukuganiza kuti apa ndinali nditasweka mtima. Ayi ndithu. Kunyada kuli ngati kapinga, ukalima m'mawa madzulo kaphukanso. Nditangomva fungo la girizi ndi tiyi, mapewa anga anakwera okha.

Nati ija ili m'munsi, pafupi ndi simenti, moti pofuna kuifikira umayenera kugwada. Ndinagwada. Ndinalowetsa sipanala m'dzenje muja, ndipo inakhala ndendende. Anthu anaomba m'manja, amayi n'kululutira. Ndinatembenuka n'kuyamba kuwaphunzitsa kuti umisiri si masewera. Kenako ndinagwira chogwirira, n'kukoka chakumanzere, monga mmene manja a mmisiri aliyense anazolowerera.

Sinasunthe. Ndinati ndi dzimbiri, athire parafini. Ndinakokanso. Sinasunthe. Ndinaitanitsa paipi yaitali, n'kuilowetsa pa chogwirira, n'kuitana amuna atatu amphamvu. Tinakoka tonse. Chitsulo chinayamba kulira kalilidwe kena koipa, kamene khutu langa linkakadziwa bwino. Ndi mmene shafiti imalirira ikatsala pang'ono kupotoka. Ikanapotoka, nkhani yonse ikanathera pomwepo. Koma anthu anali kuyang'ana, ndiye ndinati, "Kamodzinso, mwamphamvu!"

"Bambo a Tendai, mukumanga."

Anali mayi a Tendai, ataima kumbuyo kwanga, buku la nyimbo lili m'manja.

Pakamwa panga panayankha pokha: "Mayi, izi si za masamba."

Zaka makumi atatu mayiwa ankati akamva mawu amenewo amakhala chete. Tsiku limenelo sanakhale chete. Anapatsira mnzawo buku la nyimbo. Anaima pakati pa fakitale, miyendo tang'a, n'kupendekeka pang'ono ngati munthu wochokera kwa Mai Rudo. Anakweza chala m'mwamba, n'kukuwa ndi mawu anga enieni: "Makona asanu, mazinga a kumanzere, adzandigwadira!"

Abale, fakitale inagwedezeka ndi phwete. Abusa anagwira khoma. Sekuru Zuze anakhala pansi n'kumapukuta misozi. Amuna atatu aja anasiya paipi. A manijala okha ndi amene sanaseke, ankayang'ana shafiti.

Mayi a Tendai nawonso sanaseke. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu: "Ndinazimva zaka zitatu usiku uliwonse. Inu munaiwala, ine ayi. Nyumba ija ndi yanga, baba. Potozani chakumanja."

Ndinadziyang'ana. Ndinapanga nati imeneyi kuti anthu adzandigwadire. M'fakitale monsemo, mwa anthu oposa zana, wogwada ndinali ine ndekha.

Ndinalira pomwepo, mawondo ali pa simenti, mamina ndi girizi zitasakanikirana. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, "Ambuye Yesu, moyo wanga wonse ndakhala ndikukokera kolakwika, ndipo ndikalephera ndimangowonjezera paipi. Ndatopa. Ndikhululukireni, munditembenuze." Ndinamva manja a abusa pamutu panga, ndi dzanja lina lokhakhala paphewa. Dzanja limenelo ndinalidziwa, ndi limene lathyola tiyi zaka makumi atatu.

Tinatembenuza paipi. Sekuru Zuze anawerenga m'Chipwitikizi, tinakoka chakumanja. Nati inalira kamodzi, n'kumasuka.

Bering'i ina tinakachotsa pa dilaya yakufa ija. Koma pofika nthawi yoiika, manja anga anali kunjenjemera chifukwa chosalawa kachasu chidzukireni. Sindikanatha kugwira ngakhale nyundo. Ndinachita kuitana anthu awiri a m'fakitale n'kumawauza kuti gwirani apa, menyani apa pang'onopang'ono, imani, mverani. Chimene ndinakana kuchita kwa injiniya wa digiri, mpaka kutaya ntchito, Mulungu anandichititsa tsiku limodzi pondilanda manja.

Tinamaliza dzuwa likulowa. A manijala anakanikiza batani. Palibe chinachitika. Magetsi anali atapita.

Lolemba m'mawa komboni yonse inali pageti, madengu ali pansi, maso ali pa babu limodzi la pakhonde la fakitale. Sindinaonepo babu likupemphereredwa chotero. Naini koloko inadutsa. Teni inadutsa. Itangopitirira leveni, babu linayaka. Fani inayamba kuzungulira. Ndinabwereka sikuludiraiva, nsonga pa makina, chogwirira pakhutu. Bering'i inali kuyenda mofatsa ngati mwana wogona. Utsi unatuluka masana asanakwane, ndipo amayi ananyamula madengu akuvina.

A manijala anandiitanira mu ofesi. Anati, "VaMbewe, zimene munachitazi n'zochotsa munthu ntchito. Koma sindingakuchotseni, chifukwa simuli pa ntchito. Ndiye ndiyambe ndakulembani, zochotsazo tidzaona m'tsogolo." Anandipatsa malamulo atatu: ndiseme nati yabwinobwino, ndizilemba zonse m'buku, ndiphunzitse aliyense wofuna kuphunzira.

Musaganize kuti kubwerera kunali kophweka. Sindinabwerere ngati a Injiniya. Ndinabwerera ngati fita, mmisiri wamba, wa ovolosi ya buluu yoperewera m'miyendo. Ndinapeza mabatani ena atsopano amene sindinkawadziwa, ndipo ndinachita kufunsa anthu amene anabadwa ine ndili kale pa ntchito. Maso anali atafooka, moti manambala a pa sipanala ndimawerenga ndi magalasi a mayi a Tendai. Manja ananjenjemera milungu yambiri.

Kachasu nayenso sanandisiye mwaulemu. Ndinagwa kamodzi, mwezi wachiwiri. Sekuru Zuze anandipeza m'ngalande, sanandilalikire, anangondikweza pa wilibala n'kundiyendetsa pakati pa komboni dzuwa likuswa mtengo, akupereka moni kwa aliyense. Kuchokera tsiku limenelo, mwa chisomo cha Mulungu, sindinalawenso.

Shafiti ija tsopano ili ndi nati ya makona asanu ndi limodzi, yomasuka ngati nati zinzake, ndipo zalembedwa m'buku pa tsamba loyamba. Anthu anayi akudziwa kumvetsera bering'i ndi sikuludiraiva. Mmodzi mwa iwo ndi mayi amene kale ankathyola tiyi, ndipo khutu lake laposa langa. Dasitikoti ija mayi a Tendai anaidula, ndi imene tikupukutira mbale. Nyumba yathu ya zipinda ziwiri tikadalimo. Katundu uja ndinati asamasule, tinamasula chaka chino.

Kwa mayi a Tendai ndinapepesa kunyumba, koma ndikufuna ndipepesenso pano pamaso panu. Mayi, zonse zija zinali za masamba. Masamba anu ndi amene anandisunga ndi moyo.

Sipanalayi inabwerera ku tchalitchi, chifukwa nati yake kulibenso. Sekuru Zuze phewa likuwavuta masiku ano, ndiye mpingo unasankha wina woti aziliza belu. Munganene ndani. Lamulungu lililonse m'mawa ndimaima pansi pa mtengo wa mapeyala n'kumenya limu ija ndi mtima wonse. Ndikamva wina akutukwana kumunsi kwa komboni, ndimamwetulira, n'kuwonjezera kawiri. Pondibwereka kuti ndidzakuonetseni, andilamula kuti ifike kwawo Lachitatu lisanakwane, ndipo m'mawa uno kwathu aliza belu ndi mwala.

Ndikuyamika Mulungu amene sanandinyoze pamene ine ndinkanyoza aliyense. Anatenga chida chimene ndinasulira zoipa, chimene ndinagulitsa ndi theka la kapu, n'kuchipachika pakhomo la nyumba yake. Anandiitana nacho zaka zisanu ndi zitatu, ine ndikumutukwana, Iye osatopa. Dzina lake lilemekezeke.

Mbale wanga, mlongo wanga, mwina nawenso uli ndi nati yako imene unamanga mobisa kuti anthu adzakugwadire. Mwina wakhala pakhonde zaka zambiri ukudikira galimoto. Ine ndakhalapo pakhonde limenelo, ndipo ndikukuuza kuti amene akuvutika ndi kudikira kwakoko ndi anthu amene amakukonda. Usawonjezere paipi. Bwera kuno kutsogolo, abusa ali pano, malo ogwada alipo, ndipo ine ndigwada nawe pamodzi, pakuti mawondo anga anazolowera. Ngati ukuchita manyazi kudzuka, ndiona pamene pali limu yanu panjapo ndikulizire kamodzi, kuti udziwe kuti akuitanidwa ndiwe.

Ameni.